Abwana a Zithuthuthu Apita Kukaona Chilwa

Mumzinda wa Blantyre mwabuka mtundu wina wa abambo. Munthu ali ndi galimoto ziwiri pakhomo, mimba yayamba kumafika msanga mwini wake asanafike, dokotala wamuuza kuti azilimbitsa thupi, koma iye wamva zoti agule njinga yamoto. Osati Lifo kapena Sanlg ya anyamata a kabaza ayi. Chinjinga chachikulu chochokera ku Joni, choti chikalira ku Namiwawa agalu a ku Nyambadwe amayankha. Abambo otere akakwana asanu amatsegula gulu pa WhatsApp, n'kusankha Tcheyamani, Msungichuma ndi Injiniya. Injiniyayo sanatsegulepo injini chibadwire, udindowu anaupeza chifukwa ali ndi bokosi la masipanala lokongola.

Uthenga unatuluka Lachinayi: Loweruka tipita ku Chilwa, mbali ya ku Phalombe, kunyamuka 6 koloko m'mawa, wochedwa atipeza kutsogolo. Pamene imakwana 9 koloko onse anali adakali pamalo omwetsera mafuta ku Limbe, akudikira Tcheyamani amene analemba uthengawo. Anafika atavala jekete yachikopa, buluku lachikopa, magolovesi ndi jombo, m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pawo panali mlamu wawo, membala watsopano, amene jekete yake inali yobwereka ndipo zipi inalekera pamchombo.

"Akuluakulu," anatero Tcheyamani, chipewa chili m'khwapa, "ku Mangochi tapitako kokwanira. Lero tikutsata mapazi a David Livingstone, amene anafika panyanja ya Chilwa mu April 1859. Komanso dziwani kuti malo amenewa ndi a Ramsar."

"A Ramsar-wo ali ndi loji kumeneko?" anafunsa Msungichuma, akuganiza kale zopempha kuchotseredwa mtengo.

Palibe anamuyankha, chifukwa palibe ankadziwa kuti Ramsar ndi mzinda wa ku Iran kumene mayiko anasainirana pangano loteteza madambo m'chaka cha 1971, ndipo Chilwa ndi dambo loyamba limene Malawi analembetsa pansi pa panganolo. Za Livingstone nazonso, Tcheyamani sananene kuti mzunguyo anafika wapansi, ndiponso kuti anapeza anthu akuvuula kale nsomba m'nyanja imene mabuku amati iye ndiye anaitulukira.

Ulendo wa anthu amenewa suyezedwa ndi makilomita, umayezedwa ndi ziwaya. Anatsika msewu wa Midima molimba mtima, koma atafika pa Nkando fungo la kanyenya linagwira mabuleki a njinga zonse nthawi imodzi. Pachiwaya pali mwambo wake, ndipo bwana wa m'tauni amaudziwa kuposa malamulo a pamsewu. Amayamba ndi kuyang'ana mafuta mokayikira, n'kufunsa kuti, "Aise, mafutawa ndi a lero?" Mnyamata amayankha kuti ndi a lero, ndipo sanama kwenikweni, popeza lero wathiramo ena pamwamba pa a sabata yatha. Kenaka pamabwera yolawa. Bwana amene ku ofesi amasainira macheke a mamiliyoni sangachoke pachiwaya osadya kanthuli kaulere, ndipo akalawa amakwinya nkhope, amati ndi yolimba, n'kulawanso ina kuti atsimikize. Injiniya, amene kunyumba mkazi wake amamuphikira ndiwo zopanda mafuta, anaitanitsa tchipisi, nthumbwana ndi chiwindi, n'kuwaza mchere ndi kambuzi, kenaka n'kuuza mnyamatayo kuti awonjezere kabichi popeza iye akusamala za thanzi.

Pa Chitakale anaimanso. Apa chifukwa chake chinali chomveka: minda ya tiyi yobiriwira, phiri la Mulanje litaima tsonga kumbuyo kwake, ndi nanazi zotsekemera zimene amayi amakusendera pomwepo. Anajambulitsa zithunzi zambiri, ndipo mwa zonsezo phiri likuoneka pang'ono pa chimodzi chokha, pakati pa phewa la Tcheyamani ndi galasi la njinga. Pa Likhubula anyamata operekeza alendo anawathamangira kuti awatengere ku Dziwe la Nkhalamba, kapena pamwamba penipeni pa Sapitwa, mamita 3,002. Abwana anayang'ana kumwamba, anayang'anana mimba, n'kugwirizana kuti chaka chamawa akwera ndithu. Lonjezo limeneli limaperekedwa pamalo omwewo chaka chilichonse, ndipo anyamatawo amalilandira mwaulemu.

Msewu wa tala wochoka pa Chitakale umazungulira phiri mpaka pa boma la Phalombe, kumene phiri la Michesi limakuyang'ana pafupi. Anthu a kuno sayang'ana Michesi ndi maso a mlendo. M'mwezi wa March 1991 Napolo anatsika ndi madzi, miyala ndi mitengo n'kukokolola midzi, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anadzatsegulanso mabala omwewo. Gogo wina amene anakhala pakhonde la golosale anawalozera miyala ikuluikulu imene ili m'minda, n'kunena kuti sinabadwire pamenepo. Kwa kanthawi gulu lonse linakhala chete, ndipo ndiyenera kuwayamikira kuti palibe anatulutsa foni. Kenaka mlamu uja anafunsa ngati pafupi pali mowa wozizira.

Atapitirira Migowi n'kusiya tala, ulendo weniweni unayamba. Mnyamata wina wa kabaza amene anaima pansi pa mtengo wa mango anawafunsa kumene akulowera, n'kudzipereka kuti awatsogolere ku Swang'oma.

"Usavutike, mphwanga," anatero Tcheyamani, akugogoda foni imene anaimangirira pa handulo. "Tili ndi mapu."

Safunsa anadya phula. Mapuwo anawafikitsa pabwalo la sukulu, kenaka pakhomo pa munthu pamene amayi ankapetera nandolo, kenaka pamtsinje pamene mlatho unalipo kale. Mayi wolankhula m'foniyo ankangoti pitirirani kutsogolo. Kumeneko n'kumene chinjinga cha Tcheyamani chinakumana ndi mchenga wa ku Phalombe, chinagwedeza mutu kawiri, n'kugona chammbali mwaulemu wonse. Kuchidzutsa kunafuna amuna anayi ndi malangizo a ana khumi ndi awiri.

Ali mkati mopukuta thukuta, mnyamata wa pamtengo wa mango uja anadutsa pa Lifo yake. Kumbuyo kwake kunali mayi wobereka mwana, kumbuyo kwa mayiyo kunali apongozi ake, pa keriyala panali dengu, pa handulo pakulendewera nkhuku ziwiri, ndipo kasipika kakuimba nyimbo ya kwaya. Anadutsa mumchenga womwewo atavala patapata, dzanja limodzi likukweza moni.

"Mwaswera bwanji, mabwana? Mapu akuyenda?"

Anthu a kabaza amenewa ndiwo eni misewu ya kuno. Amanyamula odwala kupita nawo ku chipatala cha Holy Family, amanyamula matumba a mpunga, mbuzi, malata, ngakhale wokwatiwa ndi diresi lake. Palibe amawajambula, palibe amawatcha akatswiri. Bwana akayenda tsiku limodzi pamsewu umene iwo amayendapo mvula ndi dzuwa, amakagula sitika yomata pa thanki. Titero kuti pomaliza mnyamatayo analembedwa ganyu, koma pamtengo wokwererapo kusiyana ndi umene akanalandira pansi pa mango.

Mafuta nawo anayamba kuchepa, poti zinjinga zazikulu zimamwa kuposa eni ake. Malo omwetsera a kuno ndi tebulo la nsungwi, pamwamba pake mabotolo a pulasitiki ndi fanulo yodula ku botolo lina. Injiniya apa anapeza mpata woonetsa udindo. Ananyamula botolo, analiyang'ana padzuwa, analinunkhiza, anadontheza pachala, n'kulengeza kuti mafuta otere sangalowe mu injini ya ku Ulaya. Wogulitsa anangoti, "Chabwino bwana, ena ali pa Migowi," n'kubwerera ku bawo yake. Anagula mabotolo onse.

Atafika pa Swang'oma, Msungichuma anatsika, anavula chipewa, n'kuyang'ana uku ndi uku. M'chikwama chake munali kabudula wosambira, thaulo ndi magalasi a dzuwa.

"Madala, nanga nyanjayo ili kuti?"

"Mwaipondayo," anayankha mkulu wina amene ankasoka ukonde.

Chilwa si Mangochi, ndipo safuna n'komwe kukhala Mangochi. Ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, koma ndi yosaya, madzi ake ndi amatope ndiponso amchere pang'ono chifukwa alibe kotulukira. Mitsinje ya Phalombe, Likangala, Thondwe ndi Domasi imathira m'menemo, madziwo n'kumangochoka ndi dzuwa. M'mphepete monse ndi njedza ndi thope, ndipo kuti uone madzi otambasuka uyenera kulowa m'bwato n'kudutsa m'tinjira ta m'njedzamo, wopalasa akukankha pansi ndi nsungwi. Mkulu uja anawauza kuti nyanjayi imapita n'kubwera. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Ikabwerera, matemba amabwerera nayo.

"Ndiye boma likutani kuti isamaphwe?" anafunsa Tcheyamani ndi mawu a pamsonkhano.

"Mukafunse kumeneko, bwana. Inu ndi amene mumakhala nalo pafupi."

Analowa m'bwato, ndipo pobwerera anaona zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa njedza zoyandama, mmene anthu amagona, kuphika ndi kuwamba nsomba kwa masabata osaponda kumtunda. Maso a Msungichuma anawala. Anayamba kuwerengetsa mokweza: zipinda zisanu ndi chimodzi zoyandama, bala pakati, azungu azilipira madola. Mkulu uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anamuitana kuti adzagone usiku umodzi kaye kuti adzadziwane ndi udzudzu, umene ndiwo udzakhale woyamba kulandira alendo akewo.

Njala inawatengera ku lesitilanti ya makoma a zidina zosawotcha, nsalu itatchinga pakhomo. Pakhoma panalembedwa ndi penti mndandanda wautali: nkhuku, ng'ombe, chambo, mazira, mpunga wa nyama.

"Mayi, tipatseni chambo zisanu."

"Chambo kulibe, bambo."

"Nkhuku?"

"Yatha dzulo."

"Nanga zalembedwazi?"

"Analemba ndi mwana wa achemwali anga. Ali ndi dzanja labwino."

Chimene chinalipo ndi chimene nyanja inapereka: matemba othira tomato, mlamba wowamba, makumba ochepa, nsima ya mgaiwa ndi chisoso chotendera. Panalinso kalongonda, nyemba za Alhomwe zimene zimafuna kuwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi, apo ayi zimazunguza mutu. Mlamu anafunsa foloko. Mayiwo anamubweretsera beseni ndi jagi ya madzi, anagwada, n'kudikira mpaka manyazi anamusambitsa m'manja. Mphindi zochepa chabe, amuna amene m'tauni amati matemba ndi ndiwo za pa 20 mwezi ukavuta anali akunyambita zala, akukanganirana mutu wa mlamba, ndipo Injiniya anapempha mtanda wachitatu monong'ona. Mowa unatuluka mufiriji yaikulu yoyera imene ntchito yake ndi kusungiramo mbale, choncho unali wofunda bwinobwino. Anadandaula, anamwa, anaitanitsa wina. Kunja, bambo wina wonyamula mitolo ya gondolosi anaima chapatali osanena kanthu. Abwana onse anaseka kuti zimenezo ndi za anthu akumudzi, kenaka mmodzimmodzi anatuluka kukaona ngati njinga zili bwino.

Polipira panavuta. Aliyense anagwira thumba n'kupeza kuti ndalama zake zili mufoni, ndipo netiweki ya kuno imapezeka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Msungichuma anakwera chulucho, foni m'mwamba, jekete yachikopa ikuchucha, ana akumuuza kuti apendekere chakumadzulo. Zitakanika, ndalama za pepala zinatulukira mwadzidzidzi m'sokosi za anthu, zonse za K5,000, ndipo mayi wa lesitilanti anati tchenji alibe, koma atha kuwonjezera mlamba.

Chomaliza chinali kugula matemba ouma a madamu kunyumba, umboni woti ulendowu unalidi wa kunyanja. Apa mpamene bwana amaonetsa mano. Munthu amene Lachisanu usiku amagulira mowa tebulo lonse osayang'ana bilu anakhala theka la ola akukangana ndi mayi wobereka mwana kuti achotse K200 ndi kuwonjezera basera. Atapambana ananyamula jumbo yake monyadira, n'kuzindikira kuti chinjinga chake chokwera mtengo chilibe pomangirira katundu. Matembawo analowa m'jekete.

Dzuwa linali litapendeka, bondo la Tcheyamani litatupa, ndipo mchenga uja unali ukudikira pamalo ake. Atakambirana mwachinsinsi, anagwirizana kuti mnyamata wa kabaza asiye Lifo yake kwa msuweni wake, ayendetse chinjingacho, Tcheyamani akhale kumbuyo. Mnyamatayo anakwera ndi patapata zake, analiza injini kamodzi, n'kunena kuti ndi yabwino ndithu koma singanyamule mbuzi.

"Tamvera mphwanga," anatero Tcheyamani atamugwira m'chiuno, "tikatsala pang'ono kufika pa tala uime, tisinthane. Ndipo anzakowa asajambule."

"Kuyendetsa tagwirizana kale, bwana," anayankha mnyamatayo, akuyang'ana anzake asanu amene anali atakweza kale mafoni. "Kusajambula ndi mtengo wina."