Kompyuta ya mainjiniya m'nyumba ya mlembi wa maliro

Agogo anga anachoka ku Dedza m'masiku a Chitaganya, kubwera ku Salisbury (Harare ya lero) kudzagwira ntchito ya njanji, n'kukhazikika ku Rugare. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, Nyasaland ili m'Chitaganya chomwecho, choncho ine ndimaona kuti pa madzi amenewo banja lathu lili ndi kagawo kake. Tsoka lake madziwo sadziwa zimenezi. Mu November 2022 a Zambezi River Authority analamula kuti makina opanga magetsi a Kariba South ayambe aima chifukwa madzi anali ataphwa, ndipo chilala cha 2024 chinabwereza nyimbo yomweyo. Ku Hwange anawonjezera makina awiri opanga mamegawati 600 onse pamodzi mu 2023, koma ife kuno ku Southerton tidazolowera kale: kusita malaya, kutchaja mafoni ndi kuphika nyemba ndi ntchito za pakati pa usiku.

M'nyumba yotereyi ndi mmene munalowa laputopu ya mainjiniya.

Anaitumiza ndi mwana wa mlongo wanga wa ku Johannesburg. Pafoni anachita kutsindika: "Malume, imeneyi si laputopu wamba, ndi workstation. Anthu amajambulira milatho ndi nyumba zosanja." Ine milatho sindijambula. Ndine mlembi wa kabungwe kathu ka maliro ka anthu ochokera ku Malawi, ndipo ntchito yanga ndi kulemba amene wasonkha, amene sanasonkhe, ndi amene amati asonkha mwezi wamawa chaka chonse. Komabe ndinayankha kuti inde mphwanga, makina otere ndiye amene timasowa.

Inabwera pa basi kudzera ku Beitbridge, itakulungidwa m'bulangete pakati pa zigubu za mafuta ophikira. Tchaja yake inatsala ku Joni.

Ndinakwera kombi kupita m'tauni, laputopu ili pamiyendo, kondakitala akundiyang'ana ngati afunse mtengo wa katundu. Pa kashopu kena mnyamata anasolola tchaja m'thumba la pulasitiki, n'kuilowetsa pabowo, n'kuseka. "Yalowa, mdhara. Ikalowa ndiye kuti ndi yomweyo." Madola khumi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti ndadziwa kugula.

Usiku magetsi atabwera ndinaiyatsa. Isanafike n'komwe pa Windows inalemba mizere ingapo ya Chingerezi pa sikirini yakuda. Ndinadina batani kuti zipite, monga mmene timasainira mafomu a ngongole. Kenako inayamba kuyenda pang'onopang'ono moti pofika poti itsegule ndandanda ya mayina, nyemba zinali zitapsa. Batire nalo silinkakwera, ngakhale tchaja inali yotentha yosagwirika.

Koma chodetsa nkhawa chinali kamuvi ka pa sikirini. Ndikaika chala pa touchpad kuti kapite kumanja, iko kankathawira kumanzere, kunjenjemera, kudumpha, kudina pamene sindinakatume. Usiku womwewo kanakoka dzina la mkulu wa mpingo wina wamoyo, wonenepa bwino, amene amasonkha pa nthawi yake, n'kukaliponya pa mndandanda wa amene tinawaperekeza kale kumanda.

Mayi akunyumba anaima pakhomo la chipinda atafunda chitenje. "Abambo, chinthucho chachokera kutali. Munafunsa kuti mwini wake woyamba anatha bwanji?"

Mawa lake nkhani inali itafika m'nyumba zoyandikana. Mudziwa kuti anzathu kuno amatiganizira ife a ku Malawi kuti timadziwa mankhwala, makamaka akaona gule akudutsa mumsewu, amene iwo amati zvigure. Ndiye anabwera kudzaona mdala amene amayendetsa kamuvi asanakakhudze bwino. Sindinawatsutse. Kwa kanthawi moni wa m'mawa anali waulemu kwambiri, ndipo wina anandibwezera wilibala yomwe anabwereka kalekale.

Mdzukulu wanga wa ku sekondale ndiye anati vuto ndi mavairasi, mankhwala ake n'kufufuta zonse ndi kuika Windows watsopano. Safunsa anadya phula. Titamaliza, kamuvi kanasiyadi kuvina, chifukwa touchpad inafa yonse. Mawu sankatuluka, zilembo zinakula zoti mungawerenge muli ku Mbare, ndipo Wi-Fi inasowa. Mu Device Manager munali mzere wa timakona tachikasu, kalikonse kali ndi chizindikiro chodabwa pakati, ngati kompyutayo nayo sikumvetsa zimene taichita. Mdzukulu anati akusowa ndi ma driver, timapulogalamu touza Windows kalankhulidwe ka chiwalo chilichonse cha makinawo. Amapezeka pa intaneti. Kuti mufike pa intaneti mufunika Wi-Fi. Kuti Wi-Fi igwire mufunika driver wake, amene ali pa intaneti. Ndinakhala pansi kaye n'kupempha tiyi.

Tinalumikiza foni ndi chingwe cha USB, ndinagula bandulo ya usiku, tinayamba kukopera driver wa zithunzi, wa mamegabaiti mazanamazana. Utatsala pang'ono kuti mzere wobiriwira ufike kumapeto, magetsi anapita, ndipo popeza batire linali lopanda kanthu, laputopu inazima nthawi yomweyo limodzi ndi bandulo yanga. Mnzanga wina anati ndikaigulitse ku msika wa Siyaso, mwina amisiri a kumeneko angaipange chitofu.

Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wa m'kwaya ya ku CCAP, amene anaphunzira za makompyuta ku Harare Polytechnic. Sanaiyatse n'komwe. Anaitembenuza chagada, n'kundisonyeza timalemba tomwe ndinali ndisanationepo.

"Bambo mlembi, werengani apa. Mavoti 19.5, maampu 11.8. Mukachulukitsa ndi mawati 230. Tsopano werengani pa tchaja yanu."

Ndinavala magalasi. Mavoti 19.5, maampu 3.33.

"Mawati 65," anatero. "Mwagula ng'ombe ya pangolo n'kumaipatsa gaga wa nkhuku."

Anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa Sande sukulu. Makina a mtundu umenewu ali ndi purosesa yamphamvu ndi khadi lapadera la zithunzi, zonse zadyera pa magetsi. Pakati pa mutu wa tchaja pali kanthu konga singano, kamene laputopu imadziwirako kuti tchajayo ndi ya mphamvu yotani. Ikaona kuti yachepa imachepetsa dala liwiro lake, n'kusiya kudzaza batire. Mizere ya Chingerezi ija inkanena zomwezo, ndipo inkazinena tsiku lililonse.

Za kamuvi anangondiuza kuti ndikumbukire: kodi kankavina tchaja ili yozula? Ayi, kankavina ikakhala yolowetsa. Touchpad imamva chala kudzera m'kamphamvu kochepa kwambiri ka magetsi, ndiye tchaja yotchipa yopanda waya wa earth imatumiza phokoso lamagetsi limene limaisokoneza. Anayendetsanso chala m'mphepete mwa touchpad kuona ngati yatukuka, chifukwa batire la lithium likatupa limaikankha kuchokera pansi, ndipo lotero salibowola kapena kulipondereza, amalichotsa. Langa linali bwino. Linali ndi njala chabe.

Ma driver anawatenga pa webusaiti ya kampani yopanga makinawo, pogwiritsa ntchito nambala ya pansi pa laputopu, n'kuwaika motsatana: chipset poyamba, kenako touchpad, mawu, zithunzi pomalizira. Timakona tachikasu tinazima kamodzikamodzi. Za BIOS, kapulogalamu koyamba kodzutsa makina, anandiletsa ndi chala: ndisayerekeze kuikonza batire lili lopanda moto, chifukwa magetsi akapita pakati pa ntchitoyo makina akhoza kusadzukanso. Anandiuzanso kuti magetsi akabwera ndizidikira pang'ono ndisanalowetse pulagi.

Tchaja yeniyeni inafika pa basi ina, yolemera pafupifupi kilogalamu, ya mapini atatu. Mkulu wa mpingo uja ndinamubweza kwa amoyo iye asanadziwe kuti anamwalirapo. Laputopu tsopano imatsegula ndandanda yanga ndisanaphethire. Kungoti misonkhano yathu imakhala Lamlungu masana, nthawi imene magetsi amakhala kokayenda, ndiye komiti inagwirizana kuti ndizibweranso ndi kope lachikuto cholimba, kuti pakhale chodalirika.

Ulemu wa mankhwala unatha, koma wabwera wina. M'dera lathu ndimadziwika tsopano kuti ndine wa zamagetsi. Amabweretsa maketulo, zositira, mafani, ndipo ine ndimavala magalasi, kutembenuza chinthucho chagada, n'kufunsa mwaulemerero kuti mawati ndi angati. Sabata yatha gogo wina anabwera ndi wailesi ya mabatire yomwe yasiya kulankhula. Ndinaiyang'ana mbali zonse, ndinapukusa mutu, n'kuwauza kuti vuto ndi driver. Anandithokoza, n'kundisiyira mazira awiri.