Mwendo watalika, kapena ndi chiuno chapendekeka?

Kwa wosoka nsapato pafupi ndi msika wa Chama kunafika bambo wina waimvi, akutsimphina ndi ndodo yachitsulo. M'manja ananyamula nsapato yakumanzere yokha.

"Mundikhomereko mphira wa tayala pansi apa, kuchindikala zala ziwiri," anatero mosakaniza Chisenga ndi Chinyanja. "Chichokereni ku opaleshoni ku Lusaka, mwendo wakumanjawu watalika. Ndikumayenda ngati ndaponda pa njerwa."

"Anakupangani liti opaleshoniyo, madala?"

"Masabata asanu apitawa. Anandiika chitsulo m'chiunomu."

Mayi wina amene ankayeza mpunga chapafupi anasiya mbale yake. Akuti kale anali namwino.

"Bambo, musayambe mwakhomera. Kodi musanapite ku Lusaka, mwendowu sunali waufupi?"

"Unalidi waufupi, zaka zambiri."

"Nkhani yagona pamenepo. Mutu wa fupa utaperepeseka mwendo unafupika, chiuno n'kupendekeka kuti muziyendabe, msana n'kuzolowera. Lero adokotala aubwezera mmene unalili, koma minofu ya m'mbalimu idakali yokungika. Mukumva kutalika, komatu mwina mafupa ndi ofanana."

"Ndiye mukuti ndikunama, amayi?"

"Ayi ndithu, zimene mukumvazo n'zenizeni. Koma ambiri zimawathera pakapita miyezi 3 mpaka 6, akamalimbikira masewera amene anauzidwa kuchipatala. Mukakweza nsapato lero, chiuno chidzakhazikika chopendekeka chomwecho."

Mayiyu sanalakwitse. Opaleshoni ya mtunduwu anaikhazikitsa ndi John Charnley ku Wrightington, England, mu 1962, ndipo dandaulo la mwendo wotalika madokotala amalimva kawirikawiri. Nthawi zina mwendo umatalikadi pang'ono, chifukwa dokotala amafuna chitsulo chigwire zolimba kuti chisagweluke. Kusiyana kosafika sentimita imodzi anthu ambiri amakuzolowera. Kukaposa apo, chokwezera nsapato chimathandiza, koma munthu atayezedwa kaye.

Chimene chinandikhudza n'chakuti bamboyu analibe womufunsa. Kuchoka ku Chama kudzera ku Lundazi ndi Chipata mpaka ku Lusaka ndi makilomita oposa 800, ndipo mlimi wa mpunga sangakwere basi ulendo wonsewo kukangofunsa funso limodzi. N'chifukwa chake anathamangira kwa wosoka nsapato. Chonsecho kuyeza kwake sikufuna makina: munthu amagona chagada, tepi n'kuyalidwa kuchokera pa fupa lotulukira kutsogolo kwa chiuno mpaka pa kakolo wam'kati, mbali zonse ziwiri. Izi zingatheke pa chipatala cha boma pompano.

Wosoka uja anabweza nsapato ija osaikhoma. "Mukayezetse kaye, madala. Akanena kuti tikweze, mudzandipeza."

Inu amene mukusamalira m'bale wotere, mupite naye akamuyeze asanasinthe nsapato. Koma mwendo ukafupika mwadzidzidzi, phazi n'kupotokera mbali, ululu n'kukula mpaka kulephera kuponda, mwina chitsulo chagweluka. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.