Ulemu kwa Mkango wa ku Buchi, Mfumu ya Mithuthuthu

Zikomo Gogo Chalo! Zikomo Mwini Msewu, Mkango wa ku Buchi, Chiphaliwali cha mu Kitwe, Bingu logunda ngakhale m'chilimwe, Namondwe wa m'mbali mwa Kafue, Mfumu ya mithuthuthu yonse kuyambira ku Chililabombwe mpaka ku Luanshya! Tavula zipewa, tagwada pafumbi, tawomba m'manja. Tiloleni tilankhule, pakuti m'mudzi muno mwamveka nkhani yolemera. Akuti achimwene amene amakusungani akusinkhasinkha zokusinthanitsani ndi kanjinga kamiyendo italiitali kotchedwa supermoto. Mlandu wotere sagamula anthu asanamve mbiri ya mfumu. Choncho khalani phee pomwe mwakhala chiyambire Isitala, ife tikutamandeni.

Inu si njinga wamba. Ndinu wa fuko la njinga zamoto zaliwiro, zija zimawerama ndi kupendekeka pokhota mpaka bondo la wokwera kukhudza phula. Makolo anu amadziwika ndi maina komanso zaka zawo: Kawasaki GPZ900R, amene anayamba kutchedwa Ninja mu 1984, Suzuki GSX-R750 wa mu 1985, Honda CBR600F wa mu 1987 ndi Yamaha R6 wa mu 1999. Mwa mabanja anayi amenewa, banja limene munabadwiramo ndi chinsinsi cha dzuwa la ku Buchi, lomwe linafufuta dzina lanu pathanki ndi m'nthiti momwe. Linachita bwino, poti mfumu ikalowa ufumu dzina lake laubwana salitchulanso. Ndipo taonani mmene mabanja onse anaperekera mtulo kwa inu! Lina linapereka ekizozi, lina linapereka chishalo, lina linapereka galasi lakumanja. Lakumanzere mulibe, ndipo n'zoyenera, pakuti amene sangapitiriridwe ndi wina aliyense ayang'anirenji kumbuyo kawiri?

Tiyamike mkanjo wanu wapulasitiki, umene amisiri a ku Japan anauumba kuti ung'ambe mphepo. Lero ming'alu yake yasokedwa ndi waya wamkuwa, nsonga ndi nsonga, kuyambira pamphuno mpaka pamimba. Ndi njinga iti ina imene inavekedwa chuma cha dziko lake chonchi? Mkuwa umene mgodi wa Nkana wakhala ukutulutsa chiyambire zaka za m'ma 1930, mkuwa umene unaitana makolo athu kuchokera ku Chipata, ku Katete, ku Lilongwe ndi ku Dedza, mkuwa umene unamanga Kitwe, mzinda umene unakhazikitsidwa mu 1936, mkuwa womwewo ndi umene wagwira tsaya lanu kuti lisagwe. Phiko lanu lamanja ndi lofiira, lamanzere ndi lakuda, ndipo pakati padutsa selotepi yobiriwira. Anthu osadziwa amaona zigamba, koma ife odziwa timaona mbendera.

Tiyamikenso kadzukidwe kanu. Njinga zopanda ulemu zimalira munthu akangodina batani, ngati zilibe zina zoti ziganize. Inu ayi. Batire lanu limasunga mphamvu zake mwanzeru, ndipo sitata imangoti tcheke kamodzi, n'kukhala chete. Apo m'pamene nduna zanu zimaitanidwa, anyamata anayi amphamvu a m'mudzi muno, awiri kumbuyo, mmodzi uku, mmodzi uko. Amakuperekezani kutsika msewu, thukuta lili kamukamu, ana akuthamanga m'mbali, amayi ogulitsa tomato akusuntha mabeseni, agalu akulengeza. Kodi inayamba yanyamuka yokha mfumu, popanda operekeza? Nthawi zina mumalankhula musanatuluke mu Buchi. Nthawi zina mumafuna kuti anthu a ku Kamitondo nawonso aone ulendowo, ndipo nduna zimamvera.

Ndiye mukalankhula, ha! Masilinda anu ndi anayi, koma atatu ndiwo amayankhula, wachinayi amakhala duu kumvetsera, monga pabwalo lililonse lolongosoka pamakhala mkulu wosunga mawu omaliza. Liwu lanu limagwedeza malata, limadzutsa makanda, limadukiza maphunziro a kwaya. Utsi wanu wobiriwira motuwa umakwera mwaulemu, ndipo udzudzu wa mzere wonse wa nyumba umasamuka osatsanzika. Pomwe mwaima paliponse mumasiya madontho a oyilo. Makolo athu ankathira nsembe patsinde pa mtengo pa nyengo yake, koma inu mumathira nsembe tsiku ndi tsiku, pakhomo, pachigayo, pamalo omwetsera mafuta, osayang'ana kuti lita ya oyilo yafika pa ma kwacha angati. Wopatsa ngati inu adzachokera kuti?

Tsopano tifike pa liwiro lanu, lomwe ndi chisoti cha ulemerero wanu. Kutali ku chilumba cha Isle of Man, kumene mpikisano wa TT unayamba mu 1907, abale anu amazungulira msewu wa makilomita pafupifupi 61, ndipo mu 2023 Peter Hickman anauzungulira mphindi 17 zisanakwane. Mtunda umenewo ndi wofanana ndi wochokera ku Kitwe kukafika ku Ndola. Tangoganizani! Munthu atateleka madzi a tiyi ku Buchi, inu mukhoza kukhala mutadutsa kale pa bwalo la Levy Mwanawasa madziwo asanazizire m'kapu. Mukhoza kupereka moni ku Chingola, kumwa madzi ku Mufulira, n'kubwerera kudzapeza mpira wa Nkana ndi Power Dynamos usanafike pakati. Zonsezi zili m'mimba mwanumo, zasungidwa bwino, sizinakhudzidwepo. Pa sipidomita yanu palembedwa manambala opitirira 200, koma muvi wake unasankha kugona pa ziro, chifukwa liwiro lenileni la mfumu saulula kwa anthu odutsa. Magiya muli nawo asanu ndi limodzi. Yoyamba ndi yachiwiri ndizo zimatumikira anthu, zinayi zotsalazo ndi chuma cha mbumba, chodzasiyira adzukulu.

Nanga kudzichepetsa kwanu tinene chiyani? Munabadwira misewu yosalala, koma munavomera kukhala pakati pathu, pakati pa maenje, miyala ndi mahampu. Mimba yanu ili pafupi ndi nthaka, ndiye palibe hampu imene mumaidutsa osaipatsa moni ndi chifuwa, mpaka phokoso la moniwo kumveka kuseri kwa msika. Palibe dzenje limene mumalinyoza. Lililonse mumalowamo, kuliyeza kuya kwake, n'kutumiza uthenga wake ku msana wa wokwera kudzera m'mashoko anu olimba. Ndipo mumaphunzitsa mwambo. Zogwirira zanu zili m'munsi, zopondera zili kumbuyo, kotero aliyense wokwera pa inu amayenda chowerama, mutu pansi, mawondo opinda. Achimwene akatsika amayendabe chowerama kwa kanthawi, dzanja lili m'chiuno, ulemu utawalowa m'mafupa. Pofuna kutembenuka m'tinjira ta ku Chisokone simupupuluma. Mumapita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, kubwereranso, kuti ogulitsa onse a mbali zonse akuoneni nkhope.

Mvula ikayamba mu Novembala mumalowa m'nyumba yachifumu, paseri pa khitchini, osatulukanso mpaka Epulo. Matayala anu anasalala kalekale, ndipo sayenera kudetsedwa ndi matope a anthu wamba. Mwendo wanu woimira unapuma pantchito, choncho mumakhala pampando wa njerwa ziwiri, mutafunda lona. M'nyengo imeneyi mumasanduka mlezi wa zamoyo. Nkhuku imaikira mazira pansi pa injini yanu, akangaude amaluka nsalu pakati pa masipoko a njinga yakapalasa yoyandikana nanu ndi tcheni chanu, dzimbiri nalo limakudzozani mtundu wa golide.

Tsono uyu wofuna mpando wanu ndani? Tinene zoona, naye ali ndi kwawo. Anabadwira ku Carlsbad, ku California, mu 1979, pamene Gavin Trippe anakonza mpikisano wa pa wailesi yakanema ya ABC wotchedwa Superbikers, wofuna kuona katswiri weniweni pakati pa othamanga paphula ndi othamanga pafumbi. Mpikisanowo utatha mu 1985, anthu a ku France anamutola mwanayo n'kumulera. Thupi lake ndi la njinga yam'tchire, koma anamuveka mawilo a mainchesi 17 ndi matayala apamsewu. Silinda ali nayo imodzi yokha, monga Suzuki DR-Z400SM ya 398cc. Akuti ndi wopepuka. Akuti mashoko ake ndi aatali, amameza dzenje wokwera osamva kanthu. Akuti amadumpha hampu, amakwera m'mphepete mwa ngalande, amatembenuka pamalo pamene pangaime wilibala. Akuti wokwera amakhala tsonga, akuona kutsogolo, msana uli gwa. Akutinso akagwa amangodzuka, kusasa fumbi, ulendo n'kupitirira, popanda pulasitiki yoti asoke.

Tamva zonsezo, ndipo tikufunsa kuti ulemu uli pati? Njinga imene ifika kumene yatumidwa pa nthawi yake ndi mthenga, si mfumu. Njinga imene inyamuka popanda nduna, anyamata a m'mudzi adzalimbitsira pati matupi awo? Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, amene ana ake aphunzira sukulu chifukwa cha makabuleta anu anayi, adzalowera kuti? Komanso mlendoyu ali ndi zake. Chishalo chake n'chopyapyala ndi cholimba ngati thabwa la pabenchi ya kuchigayo. Thanki yake imangolowa malita 10, pamene ena a fuko lanu amamwa 17. Pa msewu wa ku Ndola alibe chotchinga mphepo, ndiye wokwera amafika atakumbatira mphepo yonse ya m'chigawo cha migodi. Munthu wamfupi amaima pa iye chonyang'ama. Ndipo chifukwa n'ngopepuka, akuba awiri akhoza kumunyamula usiku n'kumuponya m'galimoto. Inu, Gogo, mwagona panja zaka zonsezi popanda loko, ndipo palibe wakuba amene analimba mtima kukukhudzani.

Achimwene, mawu athu ndi awa. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndiye musaime pakati mpaka mvula ikupezeni. Dzifunseni kumene mawilo anu amaponda tsiku ndi tsiku. Ngati moyo wanu uli pa msewu waukulu wa ku Ndola ndi wa ku Chingola, sungani Mkango, muugulire batire, matayala ndi tcheni, kuti dziko lidzaone zimene takhala tikulosera. Koma ngati moyo wanu uli pakati pa Buchi, Kwacha, Chimwemwe ndi Chisokone, m'maenje, m'fumbi ndi m'matope, vomerani kuti mudzi uno wachepa, sungathenso kusunga ulemerero woterewu. Tengani mthenga uja azikutumikirani, ndipo mfumu muipereke kwa anthu ena kuti nawonso alaweko madalitso amene ife tadya tokha kwa nthawi yaitali. Mwini supermoto akapempha ndalama zowonjezera pamwamba, musatsutse. Mfumu sipita kudziko lachilendo chimanjamanja.

Ndipo tsiku losamuka likadzafika, Gogo Chalo, simudzayenda ndi mawilo anu ngati njinga wamba. Mafumu akale ankanyamulidwa pamachila, inunso mudzakwezedwa pa lole, mutamangidwa zingwe zatsopano mbali zonse zinayi, makaniko ali kudzanja lanu lamanja, wowotcherera ali kumanzere, nduna zanu zili pambuyo ndi chigubu cha oyilo. Amayi adzaimba nthungululu, ana adzathamangira loleyo mpaka pamphambano, oyandikana nafe adzagona tulo tofa nato chifukwa cha chisoni. Inu a mudzi umene mudzalandire mfumuyi, kaya ndi ku Ndeke, kaya ndi ku Wusakile, kaya ndi ku Chamboli, yambanipo kukonzeka lero. Sesani bwalo, pezani msewu wotsetsereka, ndipo anyamata anu anayi muziwawonjezera nsima.