Kompyuta yakale ikafuna motherboard ina

Kompyuta ya patebulo ikayaka, fani n'kumazungulira koma sikirini ili bii, mwiniwake amayamba wanamizira magetsi. Wokonza akamasula bokosi amapeza fumbi lochuluka ndi ma capacitor otupa pamutu, ena akutuluka utomoni wabulauni. Matendawa anavuta kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, moti mu 2005 Dell inapatula madola pafupifupi 300 miliyoni, makamaka okonzera makompyuta a OptiPlex GX270 ndi GX280.

Kusintha motherboard kumaoneka kophweka: masikuluwu angapo, mawaya, basi. Koma yatsopanoyo imabwera ngati mayi wopeza wosafuna ana a mnzake. Purosesa ya soketi ya LGA 775, imene Intel inatulutsa mu 2004, silowa m'soketi za masiku ano. RAM ya DDR2 nayonso imakanidwa pakhomo, popeza kampata kake kali pamalo ena. Windows imaganiza kuti yasamutsidwira m'kompyuta ina, n'kuyamba kufunsanso za layisensi.

Pofika madzulo, chotsala cha kompyuta yakale ija ndi bokosi lachitsulo ndi chingwe cha magetsi. Mwiniwake, thumba litapepuka, amauza anzake kuti makina ake ndi olimba, angofuna kukonzedwa pang'ono.