Pusi Uja Anagula Foni

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ankanena pusi wa mumtengo wa zipatso, dzanja ili lagwira chipatso, linalo likufikira china, mpaka nthambi inasowa woigwira. Koma sanatiuze kuti pusiyo atagwa anadzuka. Masiku ano amapezeka pa boma la Chadiza, pabenchi la pakantemba, foni ili m'manja, ndipo amafuna kuti tizimutchula kuti manejala.

Mtengo wake watsopano ndi Fantasy Premier League. Amakupatsa mapaundi 100 miliyoni a m'maloto, osagula ndi thumba limodzi lomwe la feteleza, kuti usankhe osewera 15 a mu ligi ya ku England: magoloboyi 2, otchinga kumbuyo 5, apakati 5 ndi akutsogolo 3, koma osapitirira atatu a timu imodzi. Iwo akatuluka thukuta pabwalo, iwe umakolola mapointi uli pamthunzi. Ku America nako aliko masewera otere pa mpira wawo wa m'manja uja. Amachezera kusanja ma wide receiver, anyamata aliwiro owakha mpira, kenako amasankha mosinthana, ndipo amene watengedwa watengedwa basi. Kumeneko pusi ali ndi mwayi, poti chipatso chikathyoledwa chapita. Kuno zipatso sizitha. Haaland mmodzi yemweyo ali m'foni ya aphunzitsi, ya wometa tsitsi ndi ya mnyamata wa njinga yamoto.

Za goloboyi palibe amataya nazo tulo. Mutu umauma pa omwetsa zigoli. Mu 2024/25 Haaland anayamba pa mtengo wa mapaundi 15 miliyoni, n'kumwetsa zigoli 10 m'masewera asanu oyamba. Mamanejala anagulitsa aliyense amene akanagulitsika kuti amupeze. Akanalola, ena akanaperekanso mbuzi za amalume awo. Atangomugwira, timu yake ya Manchester City inalowa m'chilala cha November ndi December. Nthawi yonseyi Mohamed Salah, amene masewerawa ankamuika m'gulu la apakati mwakuti chigoli chake chinkalipira mapointi 5 pamene cha wakutsogolo ndi 4, anali kungokolola. Anamaliza ndi zigoli 29, mipira 18 yopatsa anzake n'kugoletsa, ndi mapointi 344, omwe panalibe anawafikapo kale.

Mlimi wa kwa Zingalume kapena kwa Mlolo amazidziwa bwino izi. Soya akadula chaka chino, chaka chamawa mudzi wonse umadzala soya, ndipo pokolola wavenda amafika ndi sikelo yake akuimba mluzu. Manejala naye amagula zigoli za Loweruka lapita.

Amene analemba malamulo a masewerawa ndikumukayikira kuti anakulira pakhomo pa agogo a Chichewa. Sabata iliyonse amakulola kusintha wosewera mmodzi mwaulere, ndipo ukadziletsa ukhoza kusunga mwayiwu mpaka kasanu. Ukapyola malire, wosewera aliyense woonjezera amakudula mapointi 4. Ndiye kuti kugwa chagada kuja anakuikira mtengo, ndipo umawerengedwa mpira usanayambe n'komwe.

Pitani pakantembapo Loweruka m'mawa. Chitseko chosinthira osewera chimatsekedwa mphindi 90 mpira woyamba usanayambe, ndiye chala chili pagalasi long'aluka la foni, batire ili pa 6 peresenti, maso ali kumwamba kufunafuna netiweki.

"Alamu, kaputeni mwaika ndani?"

"Musandisokoneze alamu, ndikuchotsa atatu."

"Atatu? Si mapointi 8 amenewo?"

"Abweza okha madzulo ano."

Madzulo ake wogulidwa mmodzi wayambira panja, poti kochi wake posankha timu safunsira nzeru ku Chadiza. Wachiwiri watuluka akutsimphina. Mwa ogulitsidwa aja, wina wamwetsa ziwiri. Alamu aja apita kunyumba osatsanzika, nsima akuti ilibe mchere, ngati kuti nsima inayamba yakhalapo ndi mchere.

Palinso nthambi ina yoterera, ya kukonda kwanu. Patson Daka atachoka ku Red Bull Salzburg kupita ku Leicester City mu 2021, kumusiya kunkaoneka ngati kunyoza mbendera. Mu October chaka chomwecho anamwetsa zigoli zinayi yekha pokumana ndi Spartak Moscow, Zambia yonse n'kuvina. Tsoka lake, masewerawo anali a Europa League, ndipo ku Fantasy zigoli zinayizo zinabala mapointi 0. Ine mamanejala amenewo sindiwaseka kwambiri. Pusi wogwa atagwira chipatso cha mumtengo wa kwawo amayenera kumudzutsa ndi kumusasa fumbi.

Pusi wa makolo anagwa kamodzi, nkhani n'kutha. Uyu ali ndi masabata 38, ndipo Lolemba lililonse amakweranso akulumbira kuti ulendo uno waona bwino.

Mu ligi ya anyamata a pakantemba paja, amene akutsogola ndi bambo wina wogula mtedza amene timu yake sanaikhudze chiyambire August. Anzake anamuzungulira, anamugulira chakumwa chozizira, n'kumupempha kuti aulule amene akumupatsa nzeru. Iye anati palibe, anangoiwala pasiwedi. Tsopano anyamata onse agwirizana, mwachikondi chenicheni, kuti amuthandize kuipeza Loweruka lisanafike.