Malangizo kwa bambo wandevu wofuna kagalimoto ka rimoti

Mwafika pamsinkhu wabwino, akulu. Ndevu zayamba kuchita imvi, ana ali kusukulu, ngongole ya kwa kaloba yatsala pang'ono kutha, ndiye mtima wayamba kulakalaka chimene munachisowa muli mwana: kagalimoto kothamanga kokha inu mutaima chapatali. Musachite manyazi. Tonse tinakula tikukankha galimoto za waya, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chofika pachifuwa, injini ili pakamwa. Kusiyana kwake n'koti ya waya ija inkangotithera malovu, pamene iyi ikutherani malipiro.

Musamakatchule kuti kachidole. Dzina lake ndi buggy. Mukangoti "kachidole" pamaso pa mayi akunyumba, mlandu mwaluza ankhoswe asanakhale n'komwe pansi. Muziti ndi masewera a dziko lonse, ndipo simunama: kuli bungwe lotchedwa IFMAR limene linakhazikitsidwa mu 1979, ndipo limachititsa mipikisano ya akatswiri a timagalimoto timeneti. Mutchulekonso Satwant Singh, amene anatenga ukatswiri wa Africa pampikisano wa galimoto zenizeni kambirimbiri. Nenani kuti inunso muli mumzera womwewo, kungoti mwasankha kuyendetsa muli panja poganizira ana.

Ngati mukufuna nkhaniyi ithe Loweruka lomweli, kwerani basi ya ku Lusaka, mukagule kofiira konyezimira ka m'bokosi lojambulidwa malawi a moto. Chiwongolero chake chimadziwa mawu atatu basi: kumanzere konse, kumanja konse, ndi molunjika. Kakagunda mwala n'kuthyoka, palibe sitolo padziko lino imene ili ndi chiwalo chake. Mudzakhala mwamaliza ntchito yanu yonse ya mpikisano m'mphindi makumi awiri, ndipo ndalama yotsala mudzagulira ndiwo. Ndikadakhala mlamu wanu, malangizo anga akadathera apa. Koma ndikuona nkhope yanu, mwatsimikiza.

Tiyeni ku msinkhu. Pali ya 1:10, kutanthauza kuti galimoto yeniyeni yachepetsedwa kakhumi, kutalika kwake ngati masentimita 40. Pali ya 1:8, yayikulupo, yolemera makilogalamu atatu ndi theka kapena anayi, matayala onse anayi akukoka. Anthu odziwa amati woyamba kumene ayambe ndi ya 1:10 yokoka matayala akumbuyo okha, chifukwa ndi yotsika mtengo, ndipo ukapanikiza moto mopupuluma imazungulira pomwepo ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndiye chala chimaphunzira ulemu. Anthu amenewo musawamvere. Inu ndinu bambo wa ulemu wanu. Simungayambire Giredi 1 ngati kamwana. Gulani yayikulu, yothamanga makilomita 80 pa ola, kuti tsiku loyamba lomwe mudziwane bwino ndi akakolo a aneba anu.

Komatu apa nthabwala yandithawa, chifukwa kuno ku Kafue yayikuluyo ili ndi mfundo. Timagalimoto ta 1:10 ta mpikisano masiku ano amatipanga totsika, mimba pafupi ndi nthaka, poti kumene timathamanga ndi pabwalo la dongo losalazidwa ngati pansi pa nyumba yozira, kwina pa kapeti yeniyeni. Ife bwalo lathu ndi m'mbali mwa misewu ya kumafakitale, kumene malole onyamula zitsulo zakutha ndi matumba a feteleza amasiya mikwasa yoti kagalimoto kakagweramo mumakafuna ndi tochi. Pamiyala yotereyi ya 1:8 imadutsa ikuvina, pamene kakang'ono kaja kamakodwa pa chitsononkho. Choncho mukalakwitsa pogula yayikulu, mwalakwitsa molondola.

Tsopano funso limene limadanitsa anthu: ya mafuta kapena ya batire?

Ya mafuta amaitcha nitro. Imalira ngati udzudzu wolemera matani awiri, imatulutsa kautsi kabuluu, ndipo mwamuna aliyense akaimva amasiya zimene akuchita. Chenjezo limodzi: musapite ndi chigubu pageti la Nitrogen Chemicals of Zambia kukapempha malita awiri. Maina akungofanana, kumeneko amapanga feteleza, ndipo alonda adzakuyang'anani momvetsa chisoni. Mafuta a kainjini kameneka ndi osakaniza methanol, nitromethane ndi oilo, ndipo petulo wa pa filing'i siteshoni sikamwa. Kabuleta yake ili ndi timasingano toti muzipotokola pang'onopang'ono malinga ndi nyengo. Mukakonza m'mawa wa mu June kukuzizira, pofika masana kayiwala zonse munagwirizana. Nanga fumbi la mu October? Sefa ya mpweya ikangoguluka kwa mphindi zochepa, fumbi limalowa n'kupala pisitoni, injini n'kusanduka chokongoletsera pa kabati. Ngati mumakonda kugwada padzuwa mukukoka kachingwe anzanu akuthamanga, nitro ndi yanu, ndipo mudzaonda bwino.

Ya batire ilibe mwambo wonsewo. Sankhani mota ya brushless, imene ilibe timakala totha msanga, ndi batire la LiPo. Lililonse la maselo ake ndi mavoti 3.7, ya 1:10 imadya awiri, 7.4, pamene ya 1:8 ya mpikisano imadya anayi, 14.8. Batire limeneli lili ndi khalidwe la apongozi: musalikhutitse mopyola, musalisiye ndi njala kutsika mavoti atatu pa selo, musalibaye, musalisiye m'galimoto yotseka mawindo padzuwa. Likakwiya limatupa kaye ngati chitumbuwa, kenako limayaka moto wosamva kupepesa. Ndiye malo abwino olichajira ndi pa matiresi, usiku, inu muli mtulo, makamaka ngati munali kale ndi maganizo osamuka. Amene akufuna kukhalitsa m'nyumba mwawo amachajira pa simenti, ndi chaja yolinganiza maselo, maso ali pomwepo.

Za magetsi sindinena zambiri. Tili pafupi ndi Kafue Gorge, mawaya akuluakulu amadutsa pamitu pathu, koma chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kuti malaiti amatha kubwera pakati pausiku ngati mkamwini wolakwa. Akabwera, pa soketi pamakhala mzera: foni ya mayi, furiji, aironi ya yunifomu. Konzani mawu abwino ofotokozera chifukwa chake buggy ikhale patsogolo.

Mudzafunsidwanso ngati mukufuna yomanga kale kapena yomanga nokha. Yomanga kale mumangotulutsa m'bokosi, rimoti ilimo, n'kukagunditsa tsiku lomwelo. Yomanga nokha imabwera m'timatumba ta zomangira mazanamazana, yopanda rimoti, yopanda batire, nthawi zambiri ngakhale matayala. Kampani ya Tamiya ya ku Japan inatchuka ndi zoterezi, monga Grasshopper ndi Hornet za mu 1984, chaka chomwenso Team Associated ya ku America inatulutsa RC10 imene inapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1985. Ubwino womanga nokha ndi woti ikathyoka mumadziwa chili m'mimba mwake. Kuipa kwake mudzakudziwa kamwana kanu kokwawa kakayamba kutafuna chinachake mwakachetechete.

Tafika pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ogula onse amadumpha. Musafunse za masipeya. Funsani za mtundu wa penti, za mapiko akumbuyo, za liwiro lolembedwa pabokosi. Masipeya ndi nkhani ya anthu amantha. Zoona zake, pa sabata yoyamba mudzathyola mkono wakutsogolo, kapulasitiki kogwira tayala kotchipa kuposa nkhuku. Ngati munagula mtundu wodziwika, monga Kyosho, Losi, Arrma kapena Traxxas, kamkonoko kali ndi nambala yake, ndipo msuweni wa ku Johannesburg akhoza kukapatsira munthu wa pabasi yodzera ku Chirundu, imene imadutsa pakhomo pathu pomwe. Ngati munagula yopanda dzina chifukwa chithunzi cha pa intaneti chinakongola, mudzanyamula mtembowo kupita nawo kwa wowotcherera. Kafue ndi tauni ya amisiri. Kuli madala amene ankasamalira makina a Kafue Textiles isanatsekedwe, oti akhoza kukusulirani chilichonse. Adzakupangirani mkono wachitsulo wosathyoka mpaka Yesu adzabwere. Vuto ndi loti kapulasitiki kaja anakapanga dala kuti kazithyoka m'malo mwa zinzake. Tsopano mukagunda, mkono udzatsala bwinobwino, chidzasweke ndi giyabokosi.

Gulani timikono tiwiri tapadera tsiku lomwelo, ndi matayala. Pakhomo mukanene kuti zinabwera m'bokosi momwemo.

Chatsala ndi mpikisano weniweniwo, umene umafuna chinthu chosagulika pa intaneti: munthu wina wopenga ngati inu. Kumene kuli makalabu, lamulo ndi losavuta: pita ukaone zimene anzako akuyendetsa, ugule yomweyo, kuti ukathyola ubwereke. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kuno muyenera kuyamba mwadwalitsa mnzanu. M'bwerekeni rimoti kwa mphindi zitatu, mum'lande pamene wayamba kumwetulira, kenako dikirani malipiro ake. Mukakwana atatu, pezani malo opanda mwini wolusa, zungulizani matayala akutha, unjikani dothi pawiri podumphira. Mpikisano wa za batire nthawi zambiri umatenga mphindi zisanu, ndipo wopambana ndi amene wazungulira kambiri. Kunja kagalimoto kalikonse kamakhala ndi kachipangizo kowerengera maulendo pakompyuta. Inu mudzaika mwana woponya timiyala m'chitini, ndipo muonetsetse kuti si mwana wa mdani wanu.

Palinso chinsinsi chimene bokosi silinena. Kagalimoto kakamapita uko, kumanja ndi kumanja. Kakatembenuka kumabwera kwa inu, kumanja kwasanduka kumanzere, ndipo ubongo wa zaka makumi anayi sulola msanga. Mudzakhota ndi thupi lonse, mudzakweza mwendo, mudzaluma lilime, koma iko kadzalunjika mungalande. Agalu a m'deralo, amene sanaitanidwe, adzalowa nawo mpikisano ndipo adzatenga malo achiwiri.

Pofika mphindi yachitatu galimoto yanu idzakhala chagada, matayala akupalasa kumwamba ngati kamba. Mudzayenda kukaitembenuza, mawondo akulira. Apo ndi pamene kamnyamata ka ku Zambia Compound, kamene kakhala kakuonerera chiyambire, kadzakudutsani ndi galimoto yake ya waya, injini ili pakamwa, kadzazungulira bwalo lonse osagunda tayala ngakhale limodzi, n'kuima pafupi nanu.

"Ankolo, yafa? Yanga ndimabwereketsa, K5 maulendo atatu."

Musamayende opanda ndalama zing'onozing'ono m'thumba.