Denga lodontha lilemekezeke

Masukulu ndi mayunivesite masiku ano akulemba ntchito anthu a masuti oti azitsatsa dzina la sukulu, kusaka ndalama ndi kukumbutsa ophunzira akale komwe adachokera. Anthuwa amasindikiza timabuku tonyezimira, amazika zikwangwani m'mbali mwa msewu, amakonza mipikisano ya gofu, big walk ndi madyerero a usiku m'mahotela, komwe theka la ndalama za matikiti limathera m'mbale za odyawo. Khama lawo sitikulinyoza. Koma alipo wantchito wina amene amawaposa onsewa, yemwe salandira malipiro, sapempha alawansi, sapita kutchuthi, ndipo dzina lake silimveka mwambo wothokoza ukafika. Wantchitoyo ndi denga lodontha, ndipo ulemu wake wachedwa kale.

Taonani kagwiridwe kake ka ntchito. Mvula yoyamba ya Novembala ikangogunda malata, madzi amalowera pabowo pomwe msomali udadyeka ndi dzimbiri, n'kutsetsereka ndi thabwa lomwe chiswe chidalifumbula kale, kenako n'kudonthera pa desiki yakutsogolo. Ana amakokera madesiki kukona, wina amathamangira ndowa, makope abisidwa m'malaya, choko chanyowa chikukana kulemba pabolodi. Wina amatulutsa foni n'kujambula. Madzulo chithunzicho chafika pagulu la WhatsApp la anthu omwe adalemba MSCE pasukulupo zaka makumi awiri zapitazo, gulu lomwe chaka chonse limangodziwa mauthenga a maliro, mafuno abwino a tsiku lobadwa ndi mikangano ya Bullets ndi Wanderers. Ola lisanathe, wa ku Johannesburg wafunsa mtengo wa lata limodzi la geji 28, wa ku Leeds walemba kuti izi n'zamanyazi, msungichuma wasankhidwa, nambala za Airtel Money ndi Mpamba zaponyedwa. Kalata ya ahedi yopempha zomwezo, yachidindo ndi Chingerezi chosalala, idakhala miyezi popanda woiyankha. Dontho limodzi lojambulidwa bwino lamaliza ntchitoyo usiku umodzi.

Wina asaganize kuti ndi mwayi chabe, chifukwa mbiri ikuchitira umboni kuti dzanja la munthu limatambasuka likaona chowonongeka. Yunivesite ya Harvard, yomwe lero thumba lake laposa madola 50 biliyoni, idapsa laibulale mu 1764, mabuku ambiri omwe John Harvard adasiya mu 1638 n'kupita ndi motowo, ndipo opereka adakhamukira komweko mpaka mashelefu adadzazanso. Kwathu kuno, laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku adabwera kuchokera kutali, ngakhale ku Virginia Tech ku America, kuchokera kwa anthu omwe ambiri mwa iwo dzina la Luwinga, komwe kuli Mzuzu University, adali asanalimvepo. Moto ndi denga lodontha ndi pachibale, koma moto ndi wosakaza: umabwera kamodzi n'kutenga zonse. Denga ndi laulemu. Limawononga pang'onopang'ono, limapuma chilimwe chonse, n'kubweranso dzinja lotsatira ndi pempho latsopano. Komanso silisowa pogwirira ntchito. Kuchokera mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, midadada yamangidwa yambiri, ya MASAF, ya mipingo, ya mabungwe, koma omanga amabwera ndi ndalama ya njerwa ndi malata, ya kukonza amaiiwala m'galimoto.

Kunyadira sukulu kokha sikutsegula chikwama. Amene adadutsa pa Blantyre Secondary School, yomwe idatsegulidwa mu 1940, pa Zomba Catholic ya mu 1942 kapena pa Dedza ya mu 1951 amatchula maina odziwikira sukulu zawo, monga Box 2 ndi Box 48, ngati mfunda wawo, ndipo n'zomveka. Koma kunyada kumathera m'nkhani za paukwati. Ngakhale lamulo limavutika: bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'mayunivesite, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, limachita kuwalondola m'maofesi anthu omwe adaphunzira ndi ndalama za boma kuti abweze. Denga lilibe lamulo kapena loya, limangogwira munthu pamanyazi, ndipo manyazi amalipira msanga kuposa samani. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga lenilenilo lidaumvetsa mwambiwu kuposa ife: likafuna kusenzedwa limaitana mitu yonse, ya makolo a PTA, ya amfumu, ya abusa, ya khansala, mpaka ya phungu, makamaka chisankho chikayandikira. Phungu amakonda malata pachifukwa chomveka. Amakwera bwino pa lole, amanyezimira padzuwa, amawerengeka pamaso pa anthu, ndipo amayi akamalulutira, wojambula sasowa chojambula.

Otsutsa adzati ana akuvutika, makope akuola, phunziro la masamu likuduka mvula ikangoyamba. Zoona, koma amenewa akuona pafupi. Mwana amene wanyowa lero ndiye wophunzira wakale wa mawa, ndipo palibe chimene chidzamukumbutse sukulu yake kuposa madzi ozizira omwe adamutsikira m'khosi ali Fomu 2. Wophunzira m'kalasi youma amachoka osayang'ana m'mbuyo. Choncho denga likuphunzitsa opereka a m'tsogolo, maphunziro omwe sali pa silabasi ya MANEB. Ena, anzeru za chuma, adzati kukhoma misomali ingapo ndi kumata mabowo mu Okutobala n'kotchipa kuposa kusintha denga lonse patatha zaka zisanu, ndipo ndi bwino sukulu ikhale ndi thumba lokhazikika lomwe chiwongoladzanja chake chizikonza zowonongeka chaka ndi chaka. Masamu awo ndi olondola, koma anthu sakuwadziwa. Ndani adaitanidwapo kukhala mlendo wolemekezeka pamwambo wopereka kilogalamu imodzi ya misomali? Ndani adajambulitsa atanyamula chiwongoladzanja? Mankhwala a mu labotale, choko, sopo wa kuchimbudzi, malipiro a mlonda, zonsezi n'zofunika tsiku lililonse, koma sizidontha, ndiye sizipeza wozilirira.

Palinso odandaula kuti ndalama zosonkhedwazo nthawi zina zimasowa m'njira, malonjezo opangidwa pamaikolofoni safika, ndipo cheke chachikulu chapachikatoni chija chimakhala chachikulu kuposa chomwe chalowa kubanki. Mlandu umenewu si wa denga. Ilo limanena zoona zokhazokha. Malipoti a komiti angathe kulembedwa mwaluso, koma Januwale akafika denga limawerengetsa lokha chuma pamaso pa ana ndi aphunzitsi, ndipo palibe amene adalipatsapo ya fanta kuti likhale chete.

Chitsutso chimodzi chokha ndicho cholemera. Denga limatumikira bwino sukulu yomwe idatulutsa majaji, madokotala ndi mabwana a kubanki. Sukulu ya CDSS ya kumudzi, yomwe ophunzira ake akale ambiri ndi alimi, ogulitsa pamsika ndi a kabaza, ingadonthe mpaka pansi kumera ndere, chithunzi chake chilibe gulu lochilandira. Ndipo kalasi ya pansi pa mtengo wa mango ilibe n'komwe denga loti lidonthe. Apa tivomereze kuti mnzathuyu ali ndi tsankho pang'ono, ngakhale tsankholo adaliphunzira kwa ife opereka. Komabe yankho lake lili poyera: ana a pansi pa mtengo amangidwire kalasi msanga, kuti nawonso pakapita zaka akhale ndi chodontha chowayankhulira.

Kwa inu ahedi ndi a komiti, malata atsopano akabwera landirani ndi manja awiri, thokozani, vinani. Koma uzani mmisiri asiye bowo limodzi, ndipo lilunjike pomwe pamakhala mpando wa mlendo wolemekezeka.